Kwa achimwene a ku Ulongwe ofunsa za solo ya psychedelic rock

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati mumaimba gitala ya lead kutchalitchi ndi m'maukwati kwanuko ku Ulongwe, zala zimathamanga bwino pa sungura, koma mukayesa masolo a psychedelic rock amene mwakhala mukumvera pa YouTube zikumveka zouma, ndiye mukufuna kudziwa pedal (kabokosi kopondeza kosinthira liwu la gitala) yoti mugule ndi scale (mndandanda wa manoti oimbirapo) yoti muphunzire. Zonse ziwiri ndiyankha, koma ndiyambe ndi chimene simunafunse, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Sungura inatiphunzitsa kumenya noti n'kuithawa msanga, ina n'kubwera pambuyo pake. Luso limenelo musalitaye. Koma mu psychedelic rock noti imodzi imagwidwa mpaka ilire, ipindike, inthunthumire, kenako izime yokha. Munthu wa zala zothamanga zimamuvuta kudikira, amaona ngati akusiya mpata wopanda kanthu. Chotero musanatulutse ndi metical imodzi yomwe, khalani pansi ndi gitala yanu yomweyo muchite izi. Ikani chala chachitatu pa waya wachitatu (kuwerenga kuyambira pa woonda kwambiri), fret ya 7 (mafret ndi timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala). Zala ziwiri zinazo zikhale kumbuyo kwake pa waya womwewo, zizithandiza kukankha, chala chachikulu chikoleke pamwamba pa khosi la gitala. Yambani mwamenya fret ya 9 kuti khutu limve kumene mukupita, kenako bwererani pa 7 ndi kukankhira waya m'mwamba mpaka liwu lifanane ndendende ndi la pa 9 lija. Mphamvu ichokere pa mkono, osati pa nsonga za zala. Mukafika pamwambapo musatsike msanga. Gwirani pomwepo, muzigwedeza waya pang'onopang'ono, mofanana, ngati mmene mawu a mayi wotsogolera nyimbo ya pamaliro amanthunthumirira akakoka liwu lomaliza. Chitaninso chimodzimodzi pa waya wachiwiri, kuchoka pa fret ya 8 kukafika liwu la pa 10. Ambiri amene ndawamva akulephera nyimbo zimenezi amalephera pomwepa: amakankha waya n'kuima panjira, liwu osafika, ndipo palibe pedal imene ingabise zimenezo. Fuzz, pedal yokalipitsa liwu la gitala, imangozikuza kuti aliyense amve.

Ngati mawaya akukulumani, onani kukula kwake. Ikani seti ya mawaya oonda, yolembedwa 9 mpaka 42, ndi ofewa. Mukhozanso kutsitsa mawaya onse ndi theka la toni, monga ankachitira Jimi Hendrix kawirikawiri, amafewa ndithu ndipo liwu limanenepa.

Tsopano za scale. Ndikhulupirira pentatonic (scale ya manoti asanu) ya La menor pa fret ya 5 mukuidziwa kale: La, Do, Re, Mi, Sol. Pamenepo onjezani manoti awiri okha, Si ndi Fa#. Fa# ali pa waya wachiwiri fret ya 7, Si ali pa waya woyamba fret ya 7. Imeneyo ndiyo amati Dorian, ndipo ndi imene mumamva kwambiri kwa Carlos Santana. Pemphani mnzanu wa rhythm azingosinthanitsa La menor ndi Re maior, osapita kwina, kapena dzijambuleni nokha pa foni kwa mphindi zisanu. Inu muziimba pamwamba pake, ndipo Re maior akamafika muzitera pa Fa# uja. Mudzamva chitseko chikutseguka. Ine ndimaona kuti noti imodzi imeneyi ikuphunzitsani zambiri kuposa mascale khumi oloweza pamtima.

Chachiwiri ndi chimene ndimachikonda koposa, ndipo ochepa amachiphunzitsa. Siyani kaye scale ya pa fret ya 5 ija, muimbe pa waya umodzi wokha. Waya wachinayi, wa Re, muziumenya wosagwira kuti uzingolira pansi osasintha. Nyimbo muziiyendetsa pa waya wachitatu, pa mafret awa: 2, 4, 5, 7, 9, 11, 12. Musamanyamule chala pochoka pa fret ina kupita pa ina, muzichitsetsereza. Kaimbidwe kameneka anyamata a ku London ndi San Francisco anakatengera ku nyimbo za ku India m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene Ravi Shankar ankaimba sitar pamaso pawo, monga pa chikondwerero cha ku Monterey mu 1967. Koma kwa ife si zachilendo ayi. Nyimbo za pamtondo, ngoma ya Angoni kwanuko, nyanga za Anyungwe kuno kumunsi kwa Zambezi, zonse zimazungulira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kukoma kwake kuli m'tizinthu tating'ono timene timasintha pa kuzungulira kulikonse. Tengani nyimbo imene agogo anu ankaimba posinja, muipeze pa waya wachitatuwo, muiimbe mwapang'onopang'ono Re akulira pansi. Mukatero muli ndi solo imene munthu wa ku California sangaipeke, ndipo ndi yanuyanu.

Pa chifukwa chomwechi ndikupemphani kuti musamangomvera Azungu okha. Anansi athu a ku Zambia anaimba nyimbo zimenezi m'zaka za m'ma 1970, amazitcha Zamrock. Funani WITCH ya Jagari Chanda ndi Amanaz, magulu a ku Kitwe ku migodi ya kopa, funani Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, koma makamaka Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Paul Ngozi ankaimba nyimbo zina m'Chinyanja chomwe tikulankhulachi, gitala ili ndi fuzz yokalipa. Zambiri zinatulutsidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ndiye pa intaneti zimapezeka. Mvetserani mmene ng'oma ndi bass zimakhalira za kwathu kuno pamene gitala ikulira za kutali. Anthu amenewa analibe zipangizo zambiri, koma mpaka lero akumvedwa dziko lonse.

Tibwere ku zogula. Choyamba ndi fuzz. Imene inatchuka ndi Hendrix ndi Fuzz Face, yopangidwa ku London kuyambira 1966, ndipo masiku ano makampani ambiri amapanga zofanana nayo pa mtengo wotsika. Apa samalani chinthu chimodzi chimene a pa YouTube sangakuuzeni poti kwawo n'kozizira. Fuzz zilipo za mitundu iwiri, za matransistor a germanium ndi za silicon. Germanium imasintha khalidwe ikatenthedwa: liwu limafooka, limaduka-duka, nthawi zina kungotsala kulira kwa mphuno. Ku Angónia kuli kamphepo, mwina ingapirire, koma tsiku limene mudzaitanidwe kudzaimba ku Moatize kapena kuno mu mzinda wa Tete mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kutentha kutapitirira madigiri 40, idzakuchititsani manyazi. Gulani ya silicon. Anthu amati ya germanium ndiyo yokoma, ndipo sindikutsutsa, koma gitala timaimbira kuno.

Fuzz ya mtundu umenewu imafuna kukhala yoyamba, chingwe chochoka ku gitala chilowe mwa iyo mwachindunji. Ndiye chinsinsi chake chili pa volume ya pagitala pomwepo. Itsekuleni fuzz kwambiri, koma volume ya gitala muibweze pa 6 kapena 7: liwu limayera, limangotsala ndi kaukali pang'ono. Yambani solo muli pamenepo. Pamene nyimbo ikukwera, kankhani volume ndi kachala kakang'ono mpaka 10, mumve ikusanduka chilombo. Solo yabwino imayamba pansi, ili ndi kopita. Mukayamba ndi moto wonse mphindi yoyamba, yachiwiri mulibenso chopatsa anthu.

Chachiwiri ndi delay, yobwereza mawu. David Gilmour wa Pink Floyd, ngakhalenso Syd Barrett amene analipo iye asanabwere, ankagwiritsa makina a ku Italy otchedwa Binson Echorec. Inu delay iliyonse yotchipa ikukwanirani. Ikani pafupifupi 400 ms (kuchepera pang'ono theka la sekondi), ibwereze katatu kapena kanayi, ndipo kubwerezako kukhale kotsika kuposa liwu lenileni. Delay imalanga munthu wothamanga, manoti amaunjikana n'kukhala phala. Imbani manoti atatu, imani, mverani akubwerera, kenako muwayankhe.

Wah, pedal imene mukaiponda gitala imalira "wa-wa", ibwere pambuyo ndalama zikapezeka. Mukaipeza musamaipondeponde motsata ng'oma nthawi zonse. Itsekuleni mwapang'onopang'ono pa noti imodzi yaitali, kapena isiyeni pakati osaigwedeza. Phaser ndi Uni-Vibe, mapedal ochititsa liwu kumveka ngati likuzungulira, ndi zokometsera chabe. Ngati thumba silikulola kugula imodziimodzi, kabokosi ka kampani ya Zoom kokhala ndi zonse m'kati kakhoza kukuyambitsani, kungoti fuzz yake siyera bwino mukabweza volume monga imachitira yeniyeni. Zakale zogwiritsidwapo kale ntchito musazinyoze. Inu muli pafupi ndi malire a Calómuè, Dedza ndi Lilongwe si patali, funsani oimba a kumeneko. Musalipire musanailumikize ndi kupotokola batani lililonse kuti mumve ngati silikukhwekhwereza.

Za magetsi ndinenepo mwamphamvu, chifukwa ndaonapo pedal yatsopano ikufuka utsi tsiku loyamba. Mapedal ambiri amafuna 9V, ndipo pakati pa pulagi yake ndi negative. Ma adapter ambiri a m'nyumba, monga a router kapena a decoder, ndi a 12V ndipo pakati ndi positive. Pulagi imalowa bwinobwino, koma ikhoza kuotcha pedal nthawi yomweyo. Onani kachizindikiro kolembedwa pa adapter musanalumikize. Fuzz imadya moto wochepa kwambiri, batire ya 9V imakhalitsa, ndiponso imachepetsa kulira kwa magetsi pamene mukuimbira pa jenereta kuukwati. Mukamaliza zulani chingwe cha ku input, apo ayi batire imangodyeka usiku wonse. Gitala ya mapickup (tizipangizo totola liwu la mawaya) a mtundu wa single coil, ngati Stratocaster ndi zofanana nayo, imalira "mmmm" fuzz ikayaka. Tembenukani pang'onopang'ono muli chiimire, mupeza mbali imene kulirako kumachepa. Mawaya muziwapukuta ndi kansalu kouma mukatha kuimba, thukuta lathu limawadya dzimbiri msanga, ndipo waya wadzimbiri sakhalitsa kulira, amadukanso pokankha.

Feedback, kulira kuja kosatha, imabwera mukagwira noti n'kuyandikira sipika ya ampu, gitala itayang'ana komweko. Dzanja lamanja ligone pa mawaya enawo kuti waya umodzi wokha ndiwo ulire. Sunthani phazi limodzi kutsogolo kapena kumbuyo, mupeza malo amene noti imagwira n'kukwera yokha. Koma makutu muwasamale. Mukachoka poyeserera m'makutu mukulira, dziwani kuti mwapyola muyeso, ndipo kumva kukatha sikubwerera. Ampu yaing'ono yotsekulidwa bwino imapereka feedback pa phokoso lochepa kuposa yaikulu.

Wina mwina akuuzani kuti nyimbo zimenezi sizituluka popanda chamba kapena mankhwala ozunguza bongo. Musamumvere. Hendrix anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha, Syd Barrett anachoka mu Pink Floyd mu 1968 mutu utasokonekera. Zimene timawakondera anazipeza pokhala ndi gitala m'manja usana ndi usiku.

Kutchalitchi fuzz yonse mwina akulu ampingo sangailandire, koma delay yofatsa ndi Fa# uja pa nyimbo yachete palibe amene angadandaule, ndiye yeserani pomwepo Lamlungu likubwerali. Mukajambula mphindi ziwiri za La menor ndi Re maior zija, tumizani muno, osadula zolakwika, timve ngati waya ukufika pa liwu lake. Mutiuzenso ampu imene muli nayo, chifukwa ngati mumalowetsa gitala mu mixer ya tchalitchi mwachindunji, fuzz idzamveka ngati mavu, ndipo pamenepo pafunika kaye kabokosi koyerekeza ampu musanagule china chilichonse.