Kodi nkhope imapezetsa ntchito ndi banja?

Mtsikana wina amene anamaliza dipuloma chaka chatha watilembera pa imelo. Akuti waitanidwa ku intavyuu kangapo osatengedwa, pamene mnzake wa m'kalasi, woyera khungu, wokoka maso, anamulemba ulendo woyamba womwe. Anyamata nawonso amathamangira mnzakeyo. Ndiye akufunsa: kodi kukongola n'kumene kumapezetsa ntchito ndi mwamuna? Aike chithunzi pa CV? Ayambe kudzola mafuta oyeretsa khungu?

Achemwali, sitikunamizani, maonekedwe amathandiza ndithu. Nkhani yagona poti amathandiza pati, komanso mochuluka bwanji.

M'chaka cha 1994, akatswiri a zachuma Daniel Hamermesh ndi Jeff Biddle anaunika malipiro a anthu ku America ndi ku Canada. Anapeza kuti ooneka bwino amalandira pafupifupi 5 peresenti kuposa a maonekedwe wamba, ndipo amene anthu ankati sanakongole ankatsalira ndi 5 mpaka 10 peresenti. Amuna ndiwo ankapwetekeka kwambiri kuposa akazi. Pa malipiro a K300,000, 5 peresenti ndi K15,000. Ndi ndalama, inde, koma sizifika pa kusiyana kwa munthu wa pepala ndi wopanda pepala.

Kafukufuku amene tikufuna mumumvetse bwino ndi wa Markus Mobius ndi Tanya Rosenblat, amene anachitikira ku Argentina n'kusindikizidwa mu 2006. Ntchito yake inali yopeza njira yotulukira m'tinjira tosokonezana pa kompyuta, ntchito yoti nkhope ilibe nayo gawo. Okongolawo sanapose anzawo. Komabe olemba ntchito ankawaganizira kuti achita bwino n'kuwaikira malipiro okwera. Chodabwitsa n'chakuti izi zinkachitika ngakhale wolemba ntchitoyo atangolankhula nawo pa foni osawaona. Munthu amene wakula akuyamikiridwa amalankhula modzidalira, mawu ake amatuluka omveka, ndipo bwana amamva ngati ndi luso. Gawo limeneli sachita kubadwa nalo, limaphunzirika.

Ndiye chitani izi. Tengani foni, mudzijambule vidiyo mukuyankha mafunso atatu amene sasowa pa intavyuu: tiuzeni za inu, tikutengereni chiyani inuyo, ndi vuto lanji limene munathetsapo. Yankho lililonse lisapitirire mphindi ziwiri, ndipo likhale ndi chinthu chogwirika: munasunga mabuku a ndalama a gulu la anthu angati, munagwiritsa ntchito pulogalamu iti. Poonera vidiyoyo yang'anani zinthu zitatu: kutafuna mawu, mawu kuzimirira kumapeto kwa chiganizo, ndi maso kugwera pansi. Chachitatuchi chimagwetsa atsikana athu ambiri. Tinaleredwa kuti kuyang'ana pansi polankhula ndi akulu ndi ulemu, ndipo kumudzi ndi ulemudi, koma pamaso pa anthu anayi okhala ndi zolembera kumaoneka ngati simukudziwa yankho. Muyang'aneni amene wafunsayo. Bwerezani kujambula tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi. Zovala za pakaunjika zilibe vuto bola zikukwaneni ndipo zisitidwe. Nsapato zopukuta, tsitsi lokonza, pafyumu wa pang'ono.

Chithunzi pa CV musaike, pokhapokha ngati chilengezo cha ntchito chanena. Ku Israel, Bradley Ruffle ndi Ze'ev Shtudiner anatumiza ma CV 5,312 ku malo a ntchito 2,656. Amuna okongola anaitanidwa pafupifupi kawiri kuposa amuna a maonekedwe wamba. Kwa akazi zinatembenuka: ma CV opanda chithunzi ndiwo anaitanidwa kwambiri, kuposa ngakhale a akazi okongola. Komanso musamusirire kwambiri mnzanuyo. Mkazi wokongola akakwezedwa, anthu amanong'onezana kuti wadzera kwa bwana, ndipo mabwana ena amauzadi wofuna ntchito kuti akakumane ku loji. Zimene amachita mabwanawo ndi mlandu pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, ndipo Employment Act ya 2000 imaletsa kusankha anthu pa ntchito potengera mtundu wa khungu.

Pa zibwenzi, nkhope ili ndi mphamvu tsiku loyamba. Pa kafukufuku wa ku University of Minnesota amene anasindikizidwa mu 1966, ophunzira 752 anawaphatikiza awiriawiri mwachisawawa pa dansi. Chimene chinachititsa kuti wina afune kuonananso ndi mnzakeyo chinali maonekedwe, osati nzeru kapena khalidwe. Koma kafukufuku wina wa 2015, wa mabanja ndi zibwenzi 167, anaonetsa kuti amene anafunsirana atangodziwana ankafanana kukongola, pamene amene anadziwana kwa miyezi yambiri asanayambe chibwenzi sankafanana kwenikweni. Munthu akakuonani kangapo, kuseka kwanu, mmene mumayankhira, mmene mumasamalira anzanu, zimayamba kusintha mmene nkhope yanu ikumuonekera. Choncho pa Facebook, pamene anthu amaweruza chithunzi m'kamphindi, mpikisano wake ndi wa nkhope. Kukwaya, ku banki mkhonde, kuntchito, kumene anthu omwewo amakuonani sabata ndi sabata, amakuonani yense.

Za mafuta oyeretsa khungu ndiye tikukupemphani, musayambe. Ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo nthawi zina sizilembedwa n'komwe pa botolo. Mercury imalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kuwononga impso ndi mitsempha, ndipo kwa mayi woyembekezera imafika kwa mwana. Hydroquinone akamudzola nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zobiriwira m'masaya, zovuta kuchiza. Dziko la South Africa linamuletsa m'zodzoladzola mu 1990. Mankhwala a steroid monga clobetasol amapepula khungu, mitsempha imaonekera, ziphuphu ndi zipere zimabuka, bala limachedwa kupola. Nkhope imayera koma mfundo za zala ndi zigongono zimatsala zakuda, ndipo pa intavyuu manja anu amakhala patebulo.

Ngati munayamba kale, makamaka mafuta a steroid, kusiya mwadzidzidzi kumatha kufiiritsa ndi kuyabwitsa nkhope, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwererako. Nyamulani botololo mupite nalo kuchipatala, adokotala awerenge zimene zilimo, akuuzeni mmene mungachepetsere pang'onopang'ono.