Hull kapena Ovechkin? Kuyankha mbale wathu wa ku Winnipeg

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene akugwira ntchito ku Winnipeg, m'dziko la Canada. Akuti kuntchito kwawo, nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anzawo amakangana za ice hockey mpaka chakudya kuzizira, ndipo mkangano wa masiku ano ndi wakuti katswiri woposa onse pa osewera kutsogolo chakumanzere, amene eni ake amati left winger, ndi ndani. Iwo amangokhala duu ngati mlendo pa mlandu wa eni mudzi. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndinene kuti ndani kuti nanenso ndioneke munthu?"

Achimwene, yankho langa ndi Alexander Ovechkin. Koma poti muli ku Winnipeg, musathamangire kulitchula dzinali musanamve za Bobby Hull, chifukwa mungadye nokha nkhomaliro mwezi wonse.

Tiyambe ndi malowo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi pa ayezi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Wa pakati ndiye amagawa, awiri enawo amathamanga m'mbali. Ndiye left winger ali ngati nambala 11 wa mpira wathu wamiyendo, kungoti m'malo mwa mpira akuthamangitsa kachimbale kolimba ka labala kotchedwa puck, ndi ndodo yopindika kumapeto.

Bobby Hull ankasewera mu timu ya Chicago, ndipo ankamutchula kuti Golden Jet chifukwa cha tsitsi lake ndi liwiro lake. Anatenga nawo chikho cha Stanley, chimene akatswiri a ligi amalandira, mu 1961. Mu sizoni ya 1965-66 anagoletsa zigoli 54, kukhala munthu woyamba mu NHL, ligi yaikulu ya ku Canada ndi America, kupitirira 50 pa sizoni imodzi, ndipo nthawi imeneyo sizoni inali ya masewero 70, osati opitirira 80 ngati lero. Anatsogola pa zigoli mu ligi yonse kasanu ndi kawiri. Iye ndi mnzake Stan Mikita ndi amene anatchukitsa kukhotetsa nsonga ya ndodo, zimene zinkachititsa kuti puck iziuluka mosadziwika kolowera. Tsono taganizani, magoloboyi ambiri a nthawi imeneyo ankaima pagolo nkhope ili pamtunda, opanda chodzitetezera. Munthu ukaona Hull akukweza ndodo, unkayamba waganiza za mano ako, za chigoli pambuyo.

Chimene anzanuwo amamukondera kwambiri chinachitika mu 1972. Kunabadwa ligi ina yopikisana ndi NHL, dzina lake WHA, ndipo inkafuna dzina lalikulu kuti anthu aikhulupirire. Hull anasaina ndi Winnipeg Jets, nalandira 1 miliyoni ya madola pongosaina pokha, ndalama imene panthawiyo inali yosamveka m'masewerowa. Malipiro a osewera ena onse anayamba kukwera kuchokera pamenepo, chifukwa eni matimu a NHL anaona kuti akapanda kusamala anyamata awathawa. Ku WHA anagoletsa zigoli 303, ku NHL 610. Mukaphatikiza ndi 913, ndipo nambala imeneyi ndiyo mkondo umene anthu a Hull amabisa kumsana. Vuto lake ndi lakuti NHL siwerengera zigoli za WHA, ndipo kunena zoona ligiyo inali yofewerapo. Hull anamwalira mu January 2023. Mbiri yake ya kunyumba inali ndi madandaulo aakulu a nkhanza za m'banja, choncho mukamva ena akumutchula mozizira, musadabwe.

Tsopano Ovechkin. Anabadwira ku Moscow mu 1985, mayi ake anali katswiri wa basketball amene anapata golide wa Olympics kawiri. Washington Capitals inamusankha woyamba pa osewera atsopano onse olowa mu ligi mu 2004, ndipo ku NHL sanavalepo yunifomu ya timu ina. Mu 2007-08 anagoletsa 65, zimene palibe left winger wina anafikapo pa sizoni imodzi. Watsogola pa zigoli kasanu ndi kanayi, kuposa Hull. Kwa zaka zambiri omunyoza ankati n'ngodzikonda, amagoletsa koma chikho alibe. Mu 2018 anawatseka pakamwa pamene Washington inagonjetsa Vegas Golden Knights mu fainolo, iye n'kusankhidwa wosewera bwino koposa m'ndime yonse ya chipulula.

Chachikulu chinadza pa 6 April 2025, pamasewero ndi New York Islanders, pamene anagoletsa chigoli cha nambala 895 n'kudutsa Wayne Gretzky, amene ankatsogola pa zigoli m'mbiri yonse ya NHL ndipo anasiyira pa 894. Anthu ankati nambala ya Gretzky sidzafikiridwa mpaka kalekale. Chodabwitsa, anaidutsa pa sewero lake la nambala 1,487, chiwerengero chenicheni cha masewero amene Gretzky anasewera moyo wake wonse mu NHL. Ndipo sizoni yomweyo anali atathyoka mwendo mu November n'kukhala panja masewero 16, ali ndi zaka 39. Onjezani kuti sizoni ya 2004-05 inafa yonse chifukwa cha mkangano wa malipiro, ya 2012-13 inadulidwa kufika masewero 48, kenaka Covid inadyanso ena. Akanapanda zimenezi bwenzi tikukamba nambala ina.

Koma chimene chimandigwira mtima ine si manambalawo ayi, ndi kagoletsedwe kake. Ovechkin amamenyera kumanja koma amaima kumanzere, monga mmene Thierry Henry ankayambira kumanzere n'kulowa mkati ndi mwendo wamanja. Zikatero nsonga ya ndodo imayang'ana pakati pa bwalo, ndipo puck ikamubwerera safunika kuiimitsa, amangoiphulitsa momwemo. Timu ina ikachepekedwa munthu chifukwa cha chilango, iye amakaima pa bwalo lozungulira la kumanzere, malo amene anthu anafika powatcha ofesi yake. Kochi aliyense amadziwa kuti ali pamenepo. Goloboyi amadziwa, ngakhale wogulitsa zakumwa m'sitediyamu amadziwa. Zaka pafupifupi makumi awiri akuonera mavidiyo ake, koma mankhwala ake sanapezeke. Ndipo akuchita izi kwa magoloboyi a lero, ataliatali, ovala zodzitetezera thupi lonse, ophunzitsidwa mwaukadaulo. Apa ndi pamene Hull amandigonjera.

Pali dzina lachitatu limene mukalitchula achikulire a kuntchito kwanuko adzakuyang'anani kawiri: Valeri Kharlamov wa CSKA Moscow. Sanasewereko mu NHL chifukwa Soviet Union sinkalola osewera ake kupita, ndiye m'mabuku a ligiyo mulibe chigoli chake ngakhale chimodzi. Koma mu September 1972, pamene Canada ndi Soviet Union zinakumana masewero asanu ndi atatu, a Canada ankayesa kuti akukaphwanya ana. Sewero loyamba ku Montreal anakwapulidwa 7-3, Kharlamov n'kugoletsa ziwiri. Kharlamov anawazunza mpaka pa sewero lachisanu ndi chimodzi Bobby Clarke wa Canada anamutema ndi ndodo pa kakolo, n'kumuvulaza kotero kuti sanabwererenso mwakale m'masewero otsalawo. Canada inapambana mndandandawo movutikira. Hull sanaloledwe kusewera nawo, mlandu wake unali uja wosainira ku Winnipeg. Kharlamov anafa pa ngozi ya galimoto mu 1981 ali ndi zaka 33.

Ena ndingowadutsa msanga. Luc Robitaille anasankhidwa wa nambala 171 mu 1984 chifukwa ankati sathamanga, koma anamaliza ndi zigoli 668. Brendan Shanahan anagoletsa 656 uku akumenyananso nkhonya. Frank Mahovlich anatenga zikho zisanu ndi chimodzi, zinayi ku Toronto, ziwiri ku Montreal. Onsewa ndi akuluakulu, koma pa mkangano wanuwo ndi mboni chabe, si eni mlandu.

Ted Lindsay wa Detroit yekha ndiye ndimupatse ulemu wapadera. Anali wamfupi, waukali, ndipo anatenga zikho zinayi pamodzi ndi katswiri mnzake Gordie Howe. Mu 1957 anayamba kusonkhanitsa osewera kuti akhale ndi bungwe lowayankhulira, ndipo mabwana anamulanga pomugulitsa ku Chicago, imene panthawiyo inali kumchira kwa ligi. Lero mphotho imene osewera eni ake amavotera mnzawo wopambana imatchedwa dzina lake, kuyambira mu 2010.

Ndiye Lolemba mukakhala pa tebulo paja, achimwene, yambani ndi kuvomereza za 1972 ndi miliyoni ija, muwasiye agwedeze mitu. Akatulutsa 913 yawo, afunseni modekha kuti mwa zigoli zimenezo ndi zingati zimene zinalowa goloboyi atavala chigoba kumaso. Mukandilembere zimene akayankhe.