Mafunso a Owerenga: Makoleji a zaka ziwiri ku America ndi thandizo limene amapereka kwa ophunzira

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi amakhala ndi azakhali ake ku America ndipo akumaliza sekondale chaka chino. Wandiuza kuti anthu a koleji ya mtundu wa community college akhala akubwera kusukulu kwawo kudzakopa ana kuti akalembetse, ndipo akuti safuna kuti mwana achite kupikisana ndi anzake kuti apeze malo. Ine ndimadziwa kuti sukulu yabwino ana ndiwo amailimbirana. Kodi ndimulole? — Bambo wodera nkhawa

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma kukopa ophunzira si chizindikiro chakuti kolejiyo ndi yachabechabe. Makoleji amenewa anakhazikitsidwa kuti maphunziro apamwamba afike pafupi ndi kumene anthu amakhala, pa mtengo umene banja wamba lingakwanitse. Koleji ya boma yakale kwambiri ya mtunduwu ndi Joliet Junior College ku Illinois, yomwe inayamba mu 1901, ndipo dzina lakuti community college linafala pambuyo pa lipoti la mu 1947 la komiti imene Pulezidenti Harry Truman anasankha. Lero makolejiwa alipo pafupifupi 1,000, ndipo California yokha ili ndi 116. Ambiri amalandira aliyense amene wamaliza sekondale, ndipo wophunzira angatenge satifiketi ya ntchito zamanja kapena digiri ya zaka ziwiri, kapenanso kupitiriza ku yunivesite kukamaliza zaka ziwiri zotsala.

Amapita okha kukafuna ophunzira chifukwa anthu amene makolejiwa anawamangira nthawi zambiri sadzibweretsa okha: ana amene m'banja mwawo palibe anafikapo ku koleji, akuluakulu amene ali kale pantchito, ndi ena amene anakhulupirira kuti maphunziro otere si awo. N'chifukwa chake amayendera masekondale, amathandiza mabanja kulemba fomu yopemphera thandizo la ndalama la boma yotchedwa FAFSA, ndiponso amalola ana a sekondale kuyamba maphunziro ena a koleji asanamalize. Sindikubisirani kuti ndalama zimene makolejiwa amalandira zimadaliranso kuchuluka kwa olembetsa, choncho wobwera kudzakopa ana amanena zokoma zokhazokha. Inu mufunse zimene iye sanganene yekha. Kodi kolejiyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe loona za ubwino wa maphunziro? Kodi ili ndi mgwirizano wolembedwa ndi yunivesite imene mwanayo akufuna, kuti zimene waphunzira zikawerengedwe? Nanga mwa ophunzira amene amayamba, ndi angati amamaliza? Mayankho akakhala okhutiritsa, muloleni.

FUNSO: Akonzi, mng'ono wanga anayamba koleji yotereyi ali wokondwa, koma teremu yoyamba isanathe akuti akufuna kusiya. Amagwira ntchito usiku, masamu akumuvuta, ndipo akuti palibe amene amamudziwa pasukulupo. Ndimuthandize bwanji? — Mkulu wake

YANKHO: Achimwene, funso lanu lakhudza pamene pali vuto lenileni la makolejiwa. Khomo lolowera ndi lotakata, koma ophunzira ambiri amasiyira panjira, makamaka m'chaka choyamba, ndipo kawirikawiri sikuti nzeru zawachepera. Amene amalowa m'makolejiwa ambiri ali ndi ntchito, ena ali ndi ana, ndipo sagona pasukulu, moti akatuluka m'kalasi amathamangira basi osacheza ndi munthu. Galimoto ikawonongeka kapena abwana akasintha nthawi ya ntchito, wophunzira amajomba sabata imodzi, kenaka amachita manyazi kubwerera, ndipo palibe womuimbira foni kumufunsa kuti ali kuti.

Pali umboni wakuti zimenezi zingasinthe. Mu 2007, yunivesite ya City University of New York inayambitsa ndondomeko yotchedwa ASAP m'makoleji ake a zaka ziwiri. Wophunzira ankalipiriridwa fizi imene yatsala, ankapatsidwa mabuku ndi chiphaso chokwerera sitima ndi basi, ndipo ankayenera kuphunzira maphunziro okwanira teremu iliyonse komanso kukumana pafupipafupi ndi mlangizi amene anali ndi ophunzira ochepa oti aziwayang'anira. Bungwe la kafukufuku la MDRC linapeza kuti patatha zaka zitatu, 40 mwa ophunzira 100 aliwonse a m'ndondomekoyi anali atatenga digiri, pamene mwa anzawo ofanana nawo amene sanalowemo anali 22 okha. Makoleji atatu a ku Ohio atatengera njira yomweyi, ziwerengero zinali 35 ndi 19. Kwa ine, chofunika kwambiri pa zonsezo ndi mlangizi uja, chifukwa ndalama ya basi imathandiza pokhapokha pakhale munthu amene wazindikira msanga kuti wophunzirayo wasowa ya basi.

Choncho mng'ono wanu asangosiya kupita m'kalasi mwakachetechete. Akaonane kaye ndi mlangizi wa maphunziro ndiponso a ofesi ya thandizo la ndalama, ndipo akawauze chilungamo chonse, kuphatikizapo za ntchito ya usiku. Izi n'zofunika chifukwa wolandira thandizo la boma akasiya teremu isanafike patali angauzidwe kubweza gawo la ndalamazo, ndipo akapanda kumaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a maphunziro amene analembetsa angataye thandizo la m'tsogolo. Nthawi zina kuchepetsa phunziro limodzi kapena kusintha nthawi ya makalasi kumapulumutsa chaka chonse. Akafunsenso za aphunzitsi othandiza kunja kwa kalasi, omwe pafupifupi koleji iliyonse ili nawo ndipo salipiritsa, komanso za thumba la ndalama zothandiza pa mavuto adzidzidzi ndi malo opereka chakudya, zomwe makoleji ambiri tsopano ali nazo ngakhale kuti ophunzira ochuluka sadziwa.

Pa za masamu, afunse ngati phunziro limene akutenga likuwerengedwa pa digiri yake. Kwa zaka zambiri ophunzira ankaikidwa m'makalasi obwereza za ku sekondale, amene ankadya nthawi ndi ndalama koma osawasendeza pafupi ndi digiri, ndipo ambiri ankagwa ulesi asanatulukemo. California inakhazikitsa lamulo mu 2017 lakuti makoleji aziona mmene mwana anakhozera ku sekondale pomuika m'kalasi, ndipo madera ena amalowetsa wophunzira m'phunziro lenilenilo n'kumuwonjezera maola a thandizo. Dziwaninso kuti lamulo la dziko la America la mu 1974 loteteza zinsinsi za ophunzira silidzalola kolejiyo kukuuzani zotsatira zake popanda chilolezo chake, choncho ntchito yanu ndi kumulimbikitsa kuti apite yekha, n'kumufunsa pambuyo pake zimene amuuza.

FUNSO: Akonzi, ndinamva kuti makoleji amenewa ndi aulere. Kodi wochokera kunja kwa America angapindule nawo? — Mayi wofuna kubwerera kusukulu

YANKHO: Mayi, si aulere paliponse. Madera ena ali ndi ndondomeko zolipirira fizi, monga Tennessee Promise imene bwanamkubwa Bill Haslam anakhazikitsa mu 2014, koma zimenezi n'za anthu okhala m'maderawo. Thandizo la boma lotchedwa Pell Grant nalonso silipatsidwa kwa wolowa m'dzikomo ndi viza ya wophunzira ya F-1. Munthu wotero amalipira fizi yokwera kuposa ya anthu a m'deralo, amayenera kusonyeza kuti ali ndi ndalama zokwanira koleji isanamupatse fomu ya I-20, yomwe imafunika popempha vizayo, ndipo ntchito imene amaloledwa kugwira nthawi ya maphunziro kawirikawiri ndi ya pasukulu pomwepo, yosapitirira maola 20 pa sabata. Alangizi ndi aphunzitsi othandiza kunja kwa kalasi mudzawapeza mofanana ndi ophunzira ena onse, ndipo makoleji olandira alendo amakhala ndi wogwira ntchito woona za ophunzira ochokera kunja, amene muyenera kumulembera musanalipire ndalama iliyonse.