Ana anga amalakwa masamu ochotsera mobwereka: ndisinthe chiyani?

Aphunzitsi ena a Sitandade 3, amene ali ndi ophunzira oposa 100 m'kalasi imodzi, anditumizira imelo yodandaula kuti ana awo amatha kuwerenga nambala ndiponso kulakatula matebulo mokweza, koma akangopatsidwa samu yochotsera yofuna kubwereka, ambiri amalakwa ngakhale aphunzitsiwo abwereze kangati pa bolodi. Akufunsa chomwe angasinthe pa kaphunzitsidwe kawo popeza mabuku ndi ochepa ndipo ndalama zogulira zipangizo palibe.

Aphunzitsi, ndikupemphani kuti muyambe mwasonkhanitsa makope a ana amene analakwa ndi kuyang'anitsitsa mayankho awo musanachonge, chifukwa cholakwa cha mwana pa masamu kawirikawiri chimakhala ndi njira yake. Tiyerekeze kuti munapereka 52 kuchotsera 27. Ndikukhulupirira kuti mupeza ana ambiri atalemba 35 m'malo mwa 25. Mwana woteroyo sanalote yankho ayi. Iye waona 2 ndi 7, nachotsa yaing'ono pa yaikulu kupeza 5, kenaka wachotsa 2 pa 5 kupeza 3. Kwa iye 52 ndi manambala awiri ongoyandikana, 5 ndi 2, ndipo sanamvetse kuti 5 ameneyu akuimira mateni asanu. Mukamuuza kuti "bwereka wani", amadabwa mumtima kuti wani wobwerekedwayo akusanduka bwanji teni, koma poti anzake onse ayankhira pamodzi kuti amva, iyenso amangovomera. Vuto lagona pamenepa, ndipo kubwereza lamulo lomwelo mokweza sikungalichotse.

Mankhwala ake munawaphunzira kale ku sukulu yophunzitsa aphunzitsi (TTC) pa mutu wa TALULAR, wogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Uzani mwana aliyense abwere ndi timitengo kapena mapesi odula ofanana msinkhu, ndipo anawo amange okha mitolo ya timitengo khumikhumi ndi luzi kapena mphira. Pa gulu lililonse la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aike pansi mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera, kenaka muwauze kuti achotsepo timitengo 27. Musawauze chochita. Adzazindikira okha kuti pa timitengo 2 sangachotsepo 7, ndipo pakapita kanthawi mmodzi wa iwo adzamasula mtolo umodzi, n'kutsala ndi mitolo 4 ndi timitengo 12. Akachotsa timitengo 7 ndi mitolo 2, adzaona ndi maso awo mitolo 2 ndi timitengo 5. Pamenepo m'pamene muyenera kupita pa bolodi, kudula 5 n'kulemba 4, kulemba 1 pambali pa 2, ndi kuwafunsa kuti zimene mwalembazo zikufanana bwanji ndi zimene manja awo achita. Pakatha masiku angapo, asiye timitengo n'kumajambula mitolo m'makope, ndipo pomaliza atsale ndi manambala okha.

Ndondomeko imeneyi, yoyambira pa zinthu zogwirika, kupita pa zojambula, n'kumalizira pa manambala, inachokera pa maganizo a katswiri wa maphunziro wa ku America, Jerome Bruner, m'zaka za m'ma 1960, ndipo dziko la Singapore, limene ana ake amakhoza kwambiri masamu pa mayeso oyerekeza mayiko, linamangapo kaphunzitsidwe kake kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Chofunika ndi kusadumpha gawo, makamaka la zojambula limene ambiri timalinyalanyaza pothamangira kumaliza silabasi.

Musaiwalenso kuti ana anu amadziwa kale masamu ambiri kuposa amene amaoneka m'makope. Mu 1985 ofufuza anafalitsa zimene anapeza mumzinda wa Recife ku Brazil, kuti ana ogulitsa malonda mumsewu ankakhoza pafupifupi samu iliyonse pogulitsa, koma ankalakwa zambiri akapatsidwa masamu omwewo papepala. Mtsikana wa m'kalasi mwanu amene amagulitsa zitumbuwa Loweruka salakwa chenji, chifukwa amawerenga chokwera kuchokera pa mtengo wa chinthu kukafika pa ndalama imene walandira. Muloleni atsimikize yankho lake mwa njira yomweyo: kuchokera pa 27 kufika pa 30 ndi 3, kufika pa 50 ndi 20, kufika pa 52 ndi 2, zonse pamodzi 25. Mwana amene ali ndi njira ziwiri amadzigwira yekha akalakwa.

Za kuchuluka kwa ana sindingakunamizeni kuti pali njira yachidule, chifukwa makalasi athu akhala odzaza chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Chimene chingatheke ndi kugawa ana molingana ndi zomwe akudziwa. Ku Zambia, pulogalamu ya Catch Up, imene inayamba kuyesedwa mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India, imayesa mwana aliyense payekha mwachidule ndi kuwaika m'magulu molingana ndi zomwe akudziwa kwa nthawi ina patsiku. Inunso mungapereke masamu anayi okha, kuyambira yosavuta mpaka yobwereka, ndipo mudzadziwa amene akufunika kubwerera ku mitolo ndi amene angathandize anzawo ngati atsogoleri a magulu. Ndikulangizaninso kuti muchepetse mayankho a kalasi yonse pamodzi. Aliyense azilemba yankho pa sileti kapena pa chidutswa cha katoni n'kukweza m'mwamba nthawi imodzi, kuti muone msanga amene wasochera.

Pa msonkhano wotsatira wa ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'zoni yanu amakumanirana), tengani makope angapo okhala ndi zolakwa ngati 35 uja, muwaonetse a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) ndi aphunzitsi anzanu a Sitandade 2, chifukwa ntchito yomanga mitolo iyenera kuyambira m'kalasi mwawo.