Funsani Azakhali: Mlongo wanga wamira mu kachasu, ndipite naye kuti?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi ndipo ndimagulitsa tomato ndi masamba mumsika. Ndalemba chifukwa cha mlongo wanga wa zaka 27 amene ndimamusunga. Ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, koma mwini wake adamulanda chaka chatha poti ndalama za tsiku sizinkakwana. Chiyambire pamenepo amalawirira kachasu ndi midoli, chamba amasutanso. M'mawa manja amanjenjemera moti kapu ya tiyi imamukanika kugwira, akamwako pang'ono m'pamene amakhazikika. Mwezi watha tidamutsekera m'chipinda kuti asiye. Tsiku lachiwiri adagwa ngati wakhunyu, kenako n'kuyamba kukuwa kuti akuona njoka pakhoma. Tidachita mantha, tidamutsegulira. Amayi kumudzi akuti adalodzedwa. Kumapemphero a kuphiri tapita naye, palibe chasintha. Chimene chandisowetsa tulo n'chakuti sabata yatha adandipatsa foni ndi jekete yake n'kunena kuti, "Achemwali, posachedwa mupumula, sindikuvutitsaninso." Ndipite naye kuti muno mu Mzuzu? Kodi akamutumiza ku Zomba? Ndalama ndilibe.

Wosowa mtengo wogwira, Chibavi

Mwana wanga,

Ndiyamba ndi mawu adakuuzani sabata yathawo, chifukwa zina zonse zingathe kudikira mawa koma zimenezo ayi. Munthu amene akugawa katundu wake n'kumati posachedwa mupumula, akutsanzika. Musatenge ngati zoyankhula za mowa. Mowawo ndiye ukuwonjezera chiopsezo, chifukwa umachotsa mantha amene amabweza munthu akaganiza zodzichotsera moyo.

Lero lomwe, mupeze nthawi imene sadaledzere kwambiri, kawirikawiri ndi m'mawa. Khalani naye pansi awiriwiri, ana atapita kusukulu, ndipo mumufunse mosazungulira: "Achimwene, mawu mudanena aja andikhudza. Kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa funso limeneli poganiza kuti akamupatsa nzeru yoipa. Sizili choncho. Kufunsa sikubzala maganizowo mwa munthu. Amene ali nawo kale amapepukidwa mumtima kuti wina wamumva. Akavomera, musamukalipire, musamuuze kuti ndi tchimo kapena kuti akuchititsa manyazi mtundu. Mumvereni mpaka amalize, kenako mumuuze kuti mukumufuna wamoyo ndipo mupita naye kuchipatala.

Tsiku lomwelo yendani m'nyumba monse. Mankhwala ophera makoswe, opopera tomato kudimba, othira m'chimanga, mapiritsi otsala m'kabati, zingwe zimene zili pena paliponse, zonsezi zichoke zikasungidwe kwa munthu wina amene mumamukhulupirira. Zikuoneka zazing'ono, koma ganizo lofuna kufa limabwera mwamphamvu n'kutsika pakapita kanthawi, ndipo munthu akasowa chogwiritsa ntchito pa nthawi yovutayo, nthawi zambiri amafika m'mawa ali moyo. Asagone yekha masiku ano. Ngati mulawirira kumsika, pakhale wina wotsala naye. Ndipo zitachitika kuti wamwa kanthu, musamusanzitse, musatayenso nthawi ndi mkaka kapena madzi a mchere. Pezani galimoto, tengani botolo kapena pepala la chimene wamwacho, thamangirani ku Mzuzu Central Hospital, usiku kaya usana.

Tsopano za kumutsekera m'chipinda. Ndikudziwa mudachita chifukwa chomukonda, koma chonde musadzabwerezenso. Thupi la munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri limazolowera, ndipo mowa ukadulidwa mwadzidzidzi ubongo umasokonekera. Kunjenjemera, thukuta ndi nseru zimayamba pakangotha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. Kukomoka kumabwera mkati mwa masiku awiri oyamba. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amatentha thupi, kubalalika mutu ndi kuona zinthu zoti palibe, monga njoka adaziona mlongo wanuzo. Pamenepo munthu atha kufa. Achipatala amamusiyitsa pang'onopang'ono akumuyang'anira, ndi mankhwala monga diazepam oletsa kukomoka, komanso vitamini B1 woteteza ubongo, poti omwa kachasu ambiri sadya mokwanira. Popeza adakomokapo kale, ulendo wina akadzasiya mwadzidzidzi akhoza kudzakomokanso koposa. Choncho mpaka dokotala atamuona, musamukakamize kuleka kamodzin'kamodzi, ngakhale mawu amenewa akumveka achilendo kuchokera kwa ine. Mumuyang'anenso khungu la pakhosi, m'mikono ndi kumapazi. Ngati lada n'kumasupuka m'malo owombedwa dzuwa, kuphatikizapo kutsegula m'mimba, auzeni achipatala, chifukwa imeneyo ikhoza kukhala pellagra, nthenda yobwera posowa zakudya zoyenera m'thupi, ndipo nayonso imasokoneza mutu koma imachizika.

Kopita kulipo, ndipo ife a mu Mzuzu tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Ku Katoto kuli Saint John of God Hospitaller Services, imene abulazala a mpingo wa Katolika adayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi imeneyi: matenda a maganizo, uphungu, ndi kuthandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kuli kuonedwa n'kubwerera kunyumba, kulinso malo ogoneka odwala otchedwa House of Hospitality. Salandira Akatolika okha, aliyense amathandizidwa. Pokwera kabaza munene bwinobwino kuti Saint John of God, chifukwa kulinso St John's Hospital, chipatala china cha matenda onse, ndipo maina awiriwa amasokoneza anthu. Si chipatala cha boma, ndiye mukafika funsani za malipiro poyambirira pomwe, ndipo mufotokoze mmene zinthu zilili pakhomo panu osachita manyazi. Kumbali ya boma, chipatala cha Mapale ndi Mzuzu Central amaona odwala mwaulere. Tengani kabuku kake ka kuchipatala, ndipo mukalowa kwa dokotala musangoti "amamwa mowa". Nenani zonse: amamwa chiyani, kangati patsiku, adamwa liti komaliza, za chamba, za kukomoka kuja, makamaka mawu otsanzika aja. Mawu amenewo ndi amene adzachititse kuti asakubwezeni ndi panado.

Akakana kupita, pitani nokha kaye. Aphungu amalandiranso abale, ndipo adzakuuzani mmene mungamufikire. Akayamba kuchita ndewu kapena kuopseza ana, musamumange zingwe kapena unyolo. Pitani ku Victim Support Unit ya polisi mukapemphe kuti akuthandizeni kumufikitsa kuchipatala. Palinso manambala aulere a Tithandizane Helpline amene amayendetsedwa ndi bungwe la YONECO: 6600 ya mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, 5600 ya nkhanza za m'banja, ndi 116 ya nkhani zokhudza ana. Sungani manambalawa m'foni, koma foni isalowe m'malo mwa ulendo wa kuchipatala.

Za ku Zomba musade nazo nkhawa. Zomba Mental Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, ndipo dzina lake anthu adaliipitsa ndi nthabwala, koma kumeneko amachiza anthu n'kubwerera kwawo. Komanso odwala ambiri a kuno kumpoto amathandizidwa konkuno osafika n'komwe kumeneko.

Nkhani ya amayi ndi yofunika kuigwira mwaulemu. Musalimbane nawo pa za ufiti, simungapambane, ndipo mukufunika thandizo lawo. Auzeni kuti apitirize kumupempherera mwana wawo, inu mukupita naye kuchipatala, ziwirizi sizilimbana. Chimene ndimakana ine, ndipo ndimakana poyera, ndi munthu aliyense, kaya wa mapemphero kaya wa zitsamba, amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala, kapena kusalitsa kudya munthu amene thupi lake latha kale ndi kachasu. Njoka za pakhoma zija zili ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo mankhwala ake alipo.

Ndisakunamizeni kuti akagonekedwa sabata ziwiri ndiye kuti zatha. Kuchotsa mowa m'thupi ndi gawo lalifupi. Gawo lalitali ndi lakuti mnyamata amene adali ndi njinga, anzake a pa siteji ndi ndalama yake m'thumba, tsopano amadzuka alibe kopita, n'kumadya nsima ya mlongo wake. Manyazi amenewo ndiwo akumwetsa mowa, ndipo mwina pansi pa zonsezi pali matenda okhumudwa amene dokotala adzawaone mowa ukachoka. Chambanso chimatha kuyambitsa kumva mawu ndi kukayikira anthu, makamaka kwa achinyamata. Uphungu umatenga miyezi. Akatuluka, apeze chochita ndi manja ake, ngakhale kukupikulirani tomato m'mawa, ndipo ndalama zambiri zisamakhale m'manja mwake masiku oyamba. Tsiku lina mwina adzabwera akununkha mowa. Musadzati zonse zapita m'madzi. Ambiri amene adasiyiratu adagwapo kangapo. Mudzangobwerera naye kwa phungu wake sabata yomweyo.

Inunso mwatopa, zikuoneka m'kalata yanu. Itanani abale, amalume ake ndi achimwene ena ngati alipo, mugawane masiku omuyang'anira ndi ndalama zoyendera. Ana anu adamva kukuwa kwa usiku uja. Afotokozereni mwachidule kuti amalume awo akudwala ndipo akulandira thandizo.

Azakhali

* * *

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 22, ndili pa sukulu ya ukachenjede ndipo ndimachita lendi ku Luwinga. Ndidaluza ndalama ya fizi pobetcha mpira pafoni, n'kukatenga katapila kuti ndibweze, nayonso idapita. Makolo sakudziwa. Miyezi iwiri tsopano sindigona, chakudya sichilowa, m'kalasi ndidasiya kupita. Ndikufuna thandizo koma ndikuopa kuti anzanga akandiona ku Saint John of God aziti ndapenga.

Mnyamata wa ku Luwinga

Mwanawe,

Wachita bwino kulemba. Kubetcha kumagwira munthu mofanana ndi mowa, ndipo achipatala amawerengera kubetchako m'gulu la zizolowezi zofunika chithandizo. Chizindikiro chake chachikulu ndi chimene wachitacho, kubetchanso pofuna kubweza zimene waluza. Ndalama imeneyo siibwera. Lero lomwe chotsa ma app obetchera m'foni, ndipo ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba isamakhale pa nambala yako; mnzako wokhulupirika kapena m'bale akusungire.

Kusagona, kusadya ndi kuthawa anthu kwa miyezi iwiri ndi zizindikiro za matenda okhumudwa. Zikapitirira sabata ziwiri timati munthu akaonedwe, iwe wadutsa kale pamenepo. Amene amapita kukalandira uphungu ndi anthu wamba: aphunzitsi, amayi ongobereka kumene, ogwira ntchito m'maofesi, ophunzira ngati iwe. Zimene ukayankhule m'chipindamo ndi zachinsinsi. Ngati geti la ku Katoto likukulemera, yamba ndi kiliniki ya pasukulu panu kapena ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, ngakhalenso ku Mapale. Akakupatsa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwa kuti amatenga sabata ziwiri mpaka zinayi, nthawi zina kuposerapo, kuti uyambe kumva kusintha. Usawasiye pa tsiku lachisanu poti sakugwira, ndipo usawasiye wekha ukayamba kupeza bwino.

Makolo auze, chifukwa ngongole ya katapila imakula mwezi ndi mwezi, ndipo kuli bwino amve kwa iwe kusiyana n'kumva kwa mwini ndalama. Adzakwiya, zimenezo yembekezera. Ngati ukuopa kuyamba wekha, pita ndi amalume kapena abusa, kapena upemphe phungu akuthandize kukonza mawu. Kusukulu kafunse ngati ungaimitse kaye maphunziro teremu ino m'malo mongosowa mpaka akuchotse.

Sudanene ngati maganizo ofuna kufa amakubwerera, ndiye ndikufunsa ine. Ngati amabwera, usadikire tsiku la kiliniki. Uza munthu amene uli naye pafupi usiku womwewo, akuperekeze ku Mzuzu Central, ndipo ukafika unene mawu omwewo mmene alili.

Azakhali