Laputopu ya mwana wolowa koleji: Windows, Mac kapena Linux?

Mayi ena a ku Mufakose andilembera sabata yatha. Mwana wawo wamkazi wapeza malo ku Harare Polytechnic kukaphunzira za akaunti, ndipo akufunika laputopu. Mayiwa asonkhanitsa madola 300, gawo lalikulu lochokera ku chipereganyu. Amalume ake a mtsikanayu, omwe ali ku Johannesburg, akuti igulidwe MacBook, laputopu ya kampani ya Apple, chifukwa ndi yolimba. Msuweni wake wophunzira zamakompyuta akuti igulidwe iliyonse yotchipa, iye adzaikamo Linux yaulere. Funso la mayiwa ndi lakuti amvere ndani.

Mayi, onse awiriwa akukufunirani zabwino, koma aliyense akulankhula za kompyuta imene ikanamukomera iyeyo. Windows, macOS (ya mu MacBook) ndi Linux ndi mapulogalamu aakulu oyendetsa kompyuta, ndipo mapulogalamu ena onse amakhazikika pamwamba pake. Choncho poyambira ndi apa: kodi m'kalasi la mwana wanu akagwiritsa ntchito mapulogalamu ati? Apite kudipatimenti yake akafunse aphunzitsi, kapena akacheze ndi ophunzira a chaka chachiwiri. Safunsa anadya phula, ndipo madola 300 a chipereganyu si ndalama yoyesera nayo mwayi.

Kwa wophunzira za akaunti, ine yankho langa ndi Windows 11. Maofesi ambiri muno mu Zimbabwe amasunga mabuku a ndalama ndi Sage Pastel, imene imayenda pa Windows. Excel ya pa Mac ilipo koma zida zina zimasowamo, ndipo Microsoft Access, pulogalamu yosungira ndi kusanja zolembera zambiri, pa Mac palibe n'komwe. Tsiku limene adzapite kukaphunzira ntchito pakampani adzapeza Windows padesiki, ndiye manja ake ayambe kuizolowera panopa. Makolo a ana ochita uinjiniya ku University of Zimbabwe kapena ku Harare Institute of Technology amvenso zomwezi: mwa mapulogalamu awo ojambulira mapulani, SolidWorks ndi Revit ndi za pa Windows, pamene AutoCAD ili pa Windows ndi pa Mac koma pa Linux ayi.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa ndi umene ukugwira makolo ambiri. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe, koma zigamba zotseka mipata yolowera mavairasi ndi akuba sizibweranso mwaulere ngati kale. Malaputopu ambiri akale amene makampani akunja anataya ndi amene adzaza m'masitolo a kaunjika wa makompyuta, owala bwino, mtengo wake wokopa. Ambiri mwa iwo Windows 11 siiwalola. Imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena, pa malaputopu, AMD Ryzen ya 3000 kupita m'tsogolo.

M'badwowu mutha kuuwerenga nokha muli m'sitolo momwemo. Uzani wogulitsa ayatse laputopuyo, atsegule Settings, kenako System, kenako About. Muona mzere wolembedwa monga i5-8250U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo m'badwo, apa ndi 8, ndiye ili bwino. Ikakhala i5-6300U, ndi ya m'badwo wa 6, isiyeni ngakhale wogulitsa atakutsitsirani mtengo. Ikakhala i5-1135G7, manambala awiri oyambawo ndi 11, imeneyo ndi yatsopanoko. Musanyengeke ndi kakalata ka i7 komatidwa pambali, i7 ya m'badwo wa 6 ndi yokalambabe. Ena amaikamo Windows 11 mokakamiza pa makina osayenera, ndipo Microsoft siilonjeza kuti makina otere azilandira zigamba. Onaninso pa Activation, mu Settings momwemo, kuti Windows yakeyo ndi yovomerezeka.

Mwezi wapitawu mnyamata wina anabwera kwa ine ndi laputopu imene bambo ake anamugulira atagulitsa mbuzi kumudzi. Kunja inali ngati yatsopano. Titazula chaja, sinathe ngakhale mphindi makumi awiri, inazima. Mnyamatayo anangogwira pakamwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndi mmene magetsi amathimira muno mu Harare, batire yakufa ndiye kuti ntchito yakusukulu izilembedwa pakati pa usiku magetsi akabwera, mwana n'kukawodzera m'kalasi m'mawa. Musanalipire, wogulitsa atsegule Command Prompt alembe powercfg /batteryreport. Lipoti lake limaonetsa mphamvu imene batire inali nayo ili yatsopano ndi imene yatsala. Ikatsika kufika theka, mtengo wa batire ina uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. RAM, imene imagwira zomwe kompyuta ikuchita nthawi imeneyo, ikhale 8GB, ngakhale Microsoft imati 4GB ndi yokwanira, ndipo chosungira zinthu chikhale SSD, mtundu wachangu kuposa hadi disiki yakale.

Amalume aja sakunama. Kuyambira 2020, pamene Apple inayamba kuika purosesa yake ya M1, batire ya MacBook imakhalitsa kwambiri, ndipo kwa wophunzira zojambula kapena kukonza mavidiyo ndi chida chabwino. Koma ndalama muli nayoyi ingakupezereni Mac yakalekale, ndipo sikirini kapena kiyibodi ikawonongeka, kukonzetsa kwake kumalira ndalama zambiri. HP, Dell kapena Lenovo, zipangizo zake amisiri a m'tauni sasowa nazo.

Za Linux ndimazikonda, ndipo msuweni uja ndikumumvetsa. Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Finland. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unatuluka mu 2004 ndi thandizo la Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Ndi yaulere, imapepuka pa makina okalamba, ndipo Ubuntu yolembedwa LTS, kutanthauza yosamalidwa nthawi yaitali, imalandira zigamba zaka zisanu. Ngati pakhomo pali laputopu yakale imene Windows 11 yaikana, ikanimo Linux Mint kapena Ubuntu, ana ang'onoang'ono aphunzirirepo kutaipa. Wophunzira zamakompyuta ayenera ndithu kuidziwa Linux, popeza maseva ambiri, makompyuta osunga masamba a intaneti, amayendera yomweyo, ndipo atha kuiyendetsa m'kati mwa Windows kudzera mu chida cha Microsoft chotchedwa WSL osafufuta kanthu. Koma mwana wanu wa akauntiyu ingamuvutitse. Pastel siyenda pa Linux, komanso zimene walemba mu LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Microsoft Office, nthawi zina zimasokonekera maonekedwe mphunzitsi akazitsegula mu Word. Msuweniyo sadzakhala naye pafupi usiku wopereka ntchitoyo.

Chromebook, laputopu yoyendera pulogalamu ya Google, musaigule, ngakhale ili yotchipa. Ntchito yake yambiri imadalira intaneti, ndipo Pastel singaikidwemo.

Tsopano iwe mwanangu, mwini wake wa laputopuyi. Windows imadya data mwakachetechete ikamadzikonza. Ukalumikiza ndi foni yako, pita pa Settings, Network & internet, uyatse metered connection kuti isamadye data yambiri, ndipo zodzikonzazo uzizichita pa Wi-Fi ya kusukulu. Usanagule Office kwa wina aliyense, kafunse ngati imelo ya koleji imapereka Microsoft 365 kwa ophunzira. Ntchito zako uzisunga pawiri, mu laputopu ndi mu fulashi imene sikhala m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, chifukwa m'kombi ndi pa renki chikwama chimatha kusowa.

Mayi, tsiku logula mupite ndi msuweni uja kuti akawerenge manambala a purosesa ndi lipoti la batire. Risiti ilembedwe nambala ya laputopuyo ndi miyezi ya waranti, ndipo muiyatse ndi kuizimitsa kawiri musanatuluke m'sitolo.