Gasketi ya Sienta yapsa: kodi mungaikonze nokha pakhomo?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Makwasa. Ali ndi Sienta yakale yochokera ku Japan, ija ya injini ya 1NZ, imene amanyamulira anthu kupita ku Thyolo Boma. Akuti inawira kawiri pachitunda, tsopano ikumwa madzi tsiku ndi tsiku chonsecho pansi sipakudontha kanthu, ndipo kuekizozi kukutuluka utsi woyera. Makaniko wawauza kuti gasketi ya hedi, ija imatseka pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thunthu lake), yapsa, koma mtengo umene watchula wawakulira. Akufunsa ngati angakagule gasketi ku Limbe n'kudzaikamo okha, poti masipanala ali nawo.

Achimwene, mungathe. Koma gasketi siipsa yokha popanda choipsetsa, ndipo mukangosintha iyo yokhayo, ndalama zanu zipita m'madzi. Ndaonapo anthu atatsegula injini imodzi kawiri mwezi umodzi pachifukwa chomwechi, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa galimoto ngati yanuyi ndi imene imadyetsa banja.

Poyamba tsimikizani kuti ndi gasketidi. Kuno kwathu, nthawi ya chiperoni, galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi yoyera m'mawa, ndipo imaleka injini ikatentha. Utsi wa gasketi suleka, komanso umanunkhira motsekemera ngati muli coolant, madzi apadera oziziritsa injini. Injini itazizira, tsegulani chitsekerero cha rediyeta, dzazani madzi, muilize. Mukaona thovu likubwera mosalekeza, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'njira ya madzi. Solaninso dipstick, kachitsulo koyezera oyilo: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo. Mapulagi nawo amanena zoona, imene yayera kuposa zinzake ndi ya silinda imene ikumwa madzi. Chonde musatsegule rediyeta injini ili yotentha, madzi ake amawaula nkhope.

Tsono nkhani yeniyeni ili pa hedi. Ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, buloko yakenso chimodzimodzi, ndipo chitsulo chimenechi chikatenthedwa kwambiri chimapindika. Kupindika kwake simungakuone ndi maso. Buku la Toyota limalola 0.05 mm basi pankhope ya hedi yogona pa buloko, kuchepa kwake ngati tsitsi limodzi. Amayeza pogoneka chitsulo chowongoka bwino pamwamba n'kulowetsa feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata) pansi pake, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Galimoto imene yawira kawiri ngati yanuyi, ine sindingataye nthawi. Ikulungeni hediyo m'thumba, mukwere nayo minibasi kupita ku Limbe kapena ku Blantyre kwa anthu a makina osikima, opala hedi kuti iwongoke. Muwauze ayambe aiyeza ngati ili ndi mng'alu, chifukwa hedi yong'aluka imaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi za gasketi, ndipo kuisikima sikuthandiza. Ntchito imeneyi yokha ndi imene siichitika pakhomo. Ndinaonapo munthu wina pa Chitakale akupala hedi ndi sandipepa atamata pagalasi la windo, akuti akuwongola. Galimotoyo siinafike ndi pa Luchenza pomwe isanawirenso.

Chachiwiri chimene simungazembe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti. Ngati mulibe, bwerekani kapena lipirani makaniko abwere nayo tsiku lomanga lokha. Hedi ya 1NZ imagwidwa ndi mabawuti 10, ndipo amafuna soketi yakeyake ya mano 12, ya 8 mm. Pomasula, injini ikhale yozizira, muyambire akunja kulowa pakati, pang'onopang'ono maulendo angapo. Pomanga mumayambira pakati kutuluka kunja: koyamba 29 Nm onse pa torque wrench, kenako aliyense mumupotoze madigiri 90, n'kubwerezanso ena 90. Lembani kadontho ka penti pamutu pa bawuti aliyense kuti muziona pamene wafika. Mabawuti amenewa amatamuka akamangidwa, choncho ngati thumba likulola gulani atsopano. Zomanga ndi paipi pasipanala mpaka dzanja litanena kuti zakwana, zimenezo n'zimene zimadula mano a m'buloko.

Musanalowetse mabawuti, pukutani mabowo ake aume. Madzi kapena oyilo akatsalira pansi pa bowo, bawuti amaoneka ngati wagwira pamene sanagwire, nthawi zina buloko imang'aluka kumene. Nkhope ya buloko muipale ndi chopalira chapulasitiki, osati tchizulo kapena mpeni. Gasketi yatsopano igone youma, mbali yake yoyenera ili pamwamba. Silikoni ndi wa pa chivundikiro cha tcheni ya taimingi, osati wopaka pagasketi ya hedi.

Tcheni ya taimingi, yoyendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapistoni, ndi imene imaopsa anthu ambiri. Musanaichotse, zunguzani injini mpaka pistoni yoyamba ifike pamwamba, zizindikiro za pa magiya zilunjikane, ndipo jambulani ndi foni. Tcheniyo ili ndi mfundo zamtundu wina zimene zimakumana ndi zizindikirozo. Mukamanga, zunguzani injini ndi dzanja kawiri musanakhudze kiyi. Ikakakamira penapake, imani, mwaphonya dzino. Zina zonse n'zodekha chabe: chotsani waya wa batire, khetsani madzi ndi oyilo, jambulani paipi ndi waya aliyense, mabawuti muwabaye pakatoni monga mwa malo awo. Mupezenso pamthunzi potchinga bwino. Mvula ya ku Thyolo siichenjeza, ndipo injini yotsegula siifuna dontho kapena fumbi. Dzipatseni masiku atatu kapena anayi pamodzi ndi ulendo wa ku Limbe.

Ndibwerere pa chimene chinaiwiritsa, chifukwa apa m'pamene pagona ndalama zanu. Msewu wanu ndi wa zitunda, ndipo Sienta yodzaza anthu ndi mikoko ya nthochi imagwira ntchito yoposa imene anaipangira. Yang'anani ngati fani ikuzungulira injini ikatentha. Thermostat, kavalavu kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, muiike m'madzi owira papoto, muone ngati ikutseguka. Ikakhala yakufa gulani ina, musaichotseretu monga amachitira ambiri, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Pampu ya madzi muigwedeze poti muli kale pomwepo, ikhale yosadontha ndi yosalira. Rediyeta ikatsukidwe, ndipo chitsekerero chake, kanthu kotchipa kamene anthu amakanyozera, chisinthidwe. Madzi a pamjigo amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'timipaipi ta rediyeta, ndiye kuyambira pano muziika coolant. Mankhwala a m'botolo amene amati amamata gasketi osatsegula injini ndikukuletsani, amatseka rediyeta ndi hita n'kukusiyirani mavuto awiri.

Mukamaliza, ikani oyilo ndi fyuluta zatsopano, chifukwa akalewo asakanikirana ndi madzi. Lizani injini chitsekerero cha rediyeta chili chotsegula, hita mutaitsegula pa kutentha, mpaka thovu lithe ndipo fani izungulire. Ulendo woyamba musanyamule anthu. Kwerani nayo chitunda chomwe chija muli nokha, maso ali pa nyale yofiira ya kutentha, ndipo m'mawa mwake, injini itazizira, muonenso madzi ndi mtundu wa oyilo. Mundilemberenso zimene akuuzeni a makina akaiyeza hediyo.